Phazi Lamanzere Liyambe

Folo koloko m'bandakucha ku Houston,
mzere wapindika kale kasanu ndi kawiri pakati pa zingwe zabuluu,
mchira wake uli panja pa zitseko zamagalasi
pomwe kutentha kwa Ogasiti sikudikira dzuwa.

Tilipo khumi ndi anayi, otsalira.
Basi yathu idafera pamsewu dzana.
Anzathu ali kale ku Indianapolis,
agona pansi m'holo ya sukulu, atsamira zikwama,
ndipo madzulo ano pabwalo pakhala mipata khumi ndi inayi
ngati mano oguluka,
tikapanda kudutsa apa.

Chilimwe chonse taphunzira kuima:
pa udzu wopserera, lipenga m'mwamba,
mikono ikunjenjemera, ntchentche pamphuno osaiingitsa,
kufikira mphunzitsi atati pumani.
Koma kuima kuno n'kwina.
Palibe woliza wezulo, palibe wowerenga.
Pali bambo wa kabudula wamaluwa akukalipira foni
ndi khanda lomwe lidayamba kulira pa chikwangwani choyamba.

Mzere ukasendera timasendera pamodzi,
lamanzere poyamba, osapangana.
Marisela wazindikira, waseka, wasintha phazi mwadala.
Masitepe atatu okha, wabwerera momwemo.

Manja a Keondre samva kuti khala.
Timitengo take tokulunga tepi yoyera tili m'chikwama,
ndiye akuomba ntchafu,
akuomba msana wa Wendell,
akuomba mzati wachitsulo,
kagawo komweko ka nyimbo yachitatu
kamene kakhala kakumupunthwitsa chichokereni ku Iowa.
Mayi wina wam'ponyera diso. Waleka.
Tsopano akuombera mano.

Kumbuyo kwathu mkulu waimvi akuyang'ana akakolo athu,
pomwe sokosi idathera ndipo dzuwa lidalemba malire.
Akuti, chizindikiro chimenecho ndikuchidziwa.
Ndinkaomba mbale zamkuwa zaka makumi anayi zapitazo,
phewa ili limandikumbutsabe mvula ikamayandikira.
Dzina la gulu sanafunse.
Wangoti, nyimbo yomaliza musaithamangire,
aliyense amaithamangira.

Bolodi lathwanima. Ndege yathu yayamba kukweza anthu.
Ife tidakali pokhotera pachisanu.

Kenaka mathireyi otuwa.
Vulani malamba, tulutsani za m'matumba, madzi onse tayani.
Chigubu changa chofiira,
chomwe chandisunga wamoyo m'mabwalo makumi awiri,
ndachikhuthulira m'bini ngati ndikutsanzika m'bale.

Makina alira pa ine.

M'kathumba kakang'ono ka jinzi muli mlomo wa lipenga langa,
kachitsulo kasiliva konga kabelu.
Sindikaika m'katundu. Ndimagona nako.
Mayi wa yunifolomu, baji yake ikuti Thibodeaux,
akukatembenuza m'magolovesi abuluu, akusuzumira pa kabowo.
Ichi n'chiyani?

Ndikufuna kunena kuti
ndi masiku makumi asanu ndi atatu a milomo yong'aluka,
ndi galimoto zonse ndidatsuka m'nyengo yachisanu kuti ndilipire,
ndi kalata ya bambo anga yomwe sindinayankhe,
ndi chaka changa chotsiriza,
pakuti zaka zandikwana ndipo Loweruka usiku
ndidzasiya nsapato zanga pa udzu, n'kuchoka ndi sokosi zokha.

Ndangoti, n'cha lipenga.

Akuti, liza timve.

Ndanyambita milomo. Ndakaika pomwe kadadzikumbira malo.
Popanda lipenga kamalira ngati bakha wachimfine,
komabe ndaliza mzere woyamba wa nyimbo yathu yodekha,
wonse, osathamanga,
malamba ali m'thireyi, buluku nditagwira ndi dzanja limodzi.
Khanda lija lakhala chete.
Kutali kumzere mkulu waimvi wakweza chala chimodzi.

Mayi Thibodeaux wandikankhira thireyi.
Sanamwetulire, koma akuti,
chipata chanu chili kumapeto. Thamanga, mwana iwe.

Ndiye tikuthamanga,
khumi ndi anayi, zikwama zikutimenya misana,
zingwe za nsapato zikukwapula matailosi,
Wendell akufuula dzina la ndege ngati ingacheuke,
ndipo koyamba chilimwe chino
aliyense ali ndi phazi lake.